Bere la ng'ombe yanga likungotupatupa, kodi vuto lili m'mimba?

aNabanda (Dómuè): Mwadzuka bwanji abale anga pagulu pano. Ndithandizeni nzeru, ine mutu waima. Ng'ombe yanga yamkaka ija ndinagula tsidya la Dedza yatupanso bere, aka n'kachitatu chiberekereni mu Julaye. Dzulo madzulo bere lakumbuyo kumanzere linali lotentha, lolimba ngati papaya wosapsa, ndipo nditakama munatuluka timibulu ngati chambiko chodukaduka. Kawiri konse ndabayitsa jakisoni, imakhala bwino masabata awiri, kenako n'kuyambiranso. Khola ndimasesa m'mawa uliwonse, m'manja ndimasamba ndi sopo, bere ndimatsuka ndi madzi ofunda. Nanga ndikulakwa pati?

Bambo a Chisomo (Ulónguè): Pepani mayi. Imeneyo ndi mastite, matenda otupa bere. Kansalu kopukutira bere mumakachapa n'kuyanika padzuwa? Kwa ine vuto linali kansalu, kamodzi komweko ng'ombe zonse zitatu.

aNabanda (Dómuè): Yokama ndili nayo imodzi yokhayi bambo, kansalu ndi kake komwe, ndipo ndimakawiritsa.

aPhiri a ku Zóbuè: Sinthani mankhwala. Mwina munagula otha mphamvu. Ena amangokhala padzuwa pamsika tsiku lonse.

Tekiniko wa ziweto: Mwadzuka bwanji mayi Nabanda. Tisanafike pa mankhwala, ndiuzeni za mkamwa ndi za kumbuyo. Ikudya chiyani patsiku, chochuluka bwanji, kangati? Ndowe zake zikuoneka bwanji? Ikagona masana, mumaiona ikubzikula?

aNabanda (Dómuè): A tekiniko, mukudziwa nokha mwezi uno wa Okutobala. Kudambo kunapsa, mapesi amene ndinasunga anatha mu Sepitembala. Nsenjere ndimapeza mtolo umodzi, nthawi zina theka. Ndiye kuti mkaka usatsike ndinawonjezera gaga, ndowa yaing'ono m'mawa, ina madzulo. Gaga wa kuchigayo chathu chaka chino ngwabwino, ali ndi misere yambiri, ukafumbata umamva kulemera. Mlamu wanga akaphika mowa amandipatsanso masese. Za ndowe mwafunsa bwino. Zinasintha. Kale zimagwa n'kuunjikana, pano zimangomwazika pansi, zoyererako, zili ndi tithovu pamwamba, fungo lake lowawasa, ndipo misere ina imatuluka yathunthu mpaka nkhuku zimaitsata kumbuyo. Kubzikula ikubzikula koma osati monga kale. Tsiku lina imadya mwadyera, mawa lake n'kungonunkhiza.

Tekiniko wa ziweto: Zikomo, mwafotokoza ngati ndaiona ndi maso. Ng'ombe yanu ili ndi matenda awiri, la bere ndi la m'chifu, ndipo ndikukhulupirira kuti la m'chifulo ndi limene likutsegulira khomo linzakelo.

Agogo aJere (Tsangano): Iyayi mwana wanga. Ine ndaweta ng'ombe kuyambira nthawi ya Apwitikizi, Ulónguè akutchedwa Vila Coutinho. Bere limatupa chifukwa cha matope, ntchentche, minga, kapena thole likaluma. Chifu chili kwina, bere lili kwina. Chikugwirizana n'chiyani?

Tekiniko wa ziweto: Agogo, zimene mwatchulazo n'zoona zonse, sindikuchotsapo ngakhale chimodzi. Mastite yambiri imalowera pakabowo ka nsonga ya bere. Koma ndiloleni ndifotokoze mbali inayi, ndilemba motalikirapo.

Ng'ombe siigaya yokha udzu. M'chifu chachikulu muli tizilombo tosaoneka ndi maso tambirimbiri, mabakiteriya ndi tinzake, ndipo ndi timeneti timaphwanya udzu n'kuusandutsa chakudya cha ng'ombe. Tili m'magulu. Ena ndi odya udzu, ena ndi odya ufa. Odya udzu amafuna m'chifu mosawawasa, muyeso wa kuwawasa wotchedwa pH (ukamatsika ndiye kuti kuwawasa kukukula) ukhale pakati pa 6 ndi 7. Chimene chimasunga muyeso umenewu ndi malovu. Ng'ombe yaikulu ikamabzikula bwino, maola 7 kapena 8 patsiku, imameza malovu opitirira malita 100, ndipo m'malovumo muli soda wachilengedwe, mtundu womwewo wa soda timathira m'therere.

Tsopano onani zimene zachitika kwa mayi Nabanda. Udzu wachepa, ndiye kubzikula kwachepa, malovu achepa. Pamenepo pafika gaga wa misere, ndowa yonse nthawi imodzi, ndi masese pamwamba. Odya ufa aja, monga Streptococcus bovis, amaswana msanga, amatulutsa asidi wambiri, m'chifu mumawawasa. Muyeso ukatsika pansi pa 5.6 kwa maola oposa 3 tsiku ndi tsiku, timati acidose yobisika. Ng'ombe siigwa, siifa, imangooneka ngati yasintha khalidwe. Ndowe za thovu, misere yathunthu, kudya lero mawa osadya, ndiye zizindikiro zakezo.

M'chifu mukawawasa chonchi mabakiteriya ambiri amafa, ndipo m'zikopa zawo mumatuluka poizoni wotchedwa LPS. Khungu la m'kati mwa chifu ndi matumbo, limene ntchito yake ndi kutsekereza zoipa, limakhala litapsa ndi asidi, limayamba kudontha. Poizoni uja amalowa m'magazi. Chiwindi chimayesa kumusefa koma akachuluka chimalephera. Ndiye kumbukirani kuti pathupi pa ng'ombe yokama palibe malo amene magazi amapitako ambiri ngati kubere: kuti lita imodzi ya mkaka ipangike pamadutsa malita a magazi 400 mpaka 500. Poizoni akafika kumeneko amaputa asilikali a m'thupi, bere limayamba kutupa m'kati, ndipo kampanda kamene kamalekanitsa magazi ndi mkaka kamafooka. Kachilombo kakalowa pansonga kamapeza mpanda uli kale wothyoka.

Bambo a Chisomo (Ulónguè): Eee, malita 500 a magazi pa lita imodzi ya mkaka? Ng'ombe ili ndi magazi ochuluka choncho?

Tekiniko wa ziweto: Ayi bambo, ndi magazi omwewo kuzungulira mobwerezabwereza. Mtima umapopa, amapita kubere, amabwerera, amapitanso.

Agogo aJere (Tsangano): Mawu ake ngokoma. Koma ndani analowa m'mimba mwa ng'ombe n'kuona poizoniyo akuyenda? Ng'ombe zathu za Chingoni zadya gaga zaka zonsezi.

Mwana wa sukulu (UniZambeze, Ulónguè): Amalume, ndiyankheko ine mphwanu wamng'ono, chifukwa nkhaniyi ndinaiwerenga chaka chino ndipo inandigwira mtima. Mu 2018 akatswiri a ku China anatenga ndowe za ng'ombe zodwala mastite ndi ndowe za ng'ombe zabwinobwino. Anatenganso mbewa za m'labotale, zoleredwa mwakuti m'matumbo mwake mulibe kachilombo ngakhale kamodzi. Gulu lina analimwetsa tizilombo ta m'ndowe za ng'ombe zodwala, lina ta ng'ombe zabwino. Palibe amene anakhudza mawere a mbewazo. Zimene zinalandira tizilombo ta ng'ombe zodwala zinatupa mawere, zinzake ayi. Ndiye kutupako kunayenda kuchokera m'matumbo.

Kenako a ku yunivesite ya Jilin, ku China komweko, anayamba apha tizilombo ta m'matumbo mwa mbewa ndi maantibayotiki, n'kuika m'bere kachilombo koyambitsa mastite kotchedwa Staphylococcus aureus. Mbewa zimenezo zinadwala kwambiri kuposa zimene matumbo ake sanasokonezedwe. Atazibwezera tizilombo tabwino, kapena kuzipatsa timaasidi timene tizilombo tabwino timapanga tikamagaya zakudya za ulusi ngati udzu, matenda anachepa mphamvu. Anayesanso pa ng'ombe zenizeni: anazidyetsa chakudya cha ufa wambiri mpaka acidose, ndipo LPS anakwera m'chifu, m'magazi ndi mumkaka, maselo a asilikali mumkaka nawonso anakwera.

Agogo aJere (Tsangano): Mbewa ndi mbewa, mphwanga.

Mwana wa sukulu (UniZambeze, Ulónguè): Zoona amalume, zambiri zayesedwa pa mbewa, n'chifukwa chake ndatchula za ng'ombe zija padera. Ndipo pa za ng'ombe zathu za Chingoni mukunena zoona. Zija zimayenda tsiku lonse kubudula, gaga zimangolawa, mkaka zimatulutsa wochepa. Ya azakhali aNabanda ndi ya mtundu wamkaka, imakhala m'khola, imadya chimene yapatsidwa basi. Mavuto ake sangafanane.

aNabanda (Dómuè): Ndiye kuti ndi manja angawa ndaidwalitsa. Mtima ukundiwawa. Ndimati ndikuikonda, ndalama ya mbatatesi ndimathera pa gaga. Ndipo ndakumbukira china. Poyamba mkaka ukagona m'poto pamwamba pamayala mafuta okhuthala, ana amalimbirana. Miyezi iwiriyi angokhala kansalu kopyapyala.

Tekiniko wa ziweto: Musadzidzudzule mayi, munachita chimene aliyense wokonda chiweto chake akanachita msipu utatha. Koma za mafutazo mwatipatsa umboni wina. Mafuta a mumkaka amapangidwa kwambiri kuchokera ku asidi amene odya udzu aja amatulutsa. Iwo akachepa, mafuta amatsika. Muyang'anenso ziboda zake. Ikayamba kuponda mosamala ngati pansi pakutentha, gwero lake ndi lomwelo.

aPhiri a ku Zóbuè: Nanga ife a mbuzi? Yanga inayamba kutsegula m'mimba itadya chimanga pankhokwe, ndinatsegula makapisozi awiri a anthu n'kuimwetsa. Patatha sabata bere linalimba mbali imodzi, ana ake anayamba kulira njala.

Tekiniko wa ziweto: APhiri, pamenepo mbuzi inamenyedwa kawiri. Chimanga chinawawasitsa chifu, kenako makapisozi anakapha tizilombo totsala timene tikanakonza zinthu. Mbuzi, nkhosa kapena ng'ombe imene yayamba kubzikula musamaimwetse maantibayotiki a anthu pakamwa mwa inu nokha, amafikira m'chifu momwe muli antchito ake. Sindinganene kuti bere linalimba chifukwa cha ichi chokha, mbuzi zathu zimang'ambikanso mawere ndi minga kutchire, koma thupi lake munalichotsera chitetezo pa nthawi yoipa. Ndipo mbuzi zayesedwanso m'kafukufuku wa acidose, njira ya poizoni uja ndi yomweyo.

Mayi a Tadala (Furancungo): Pepani ndilowetseko nkhani ya anthu, ndachita mantha powerenga. Mng'ono wanga ali ndi khanda la masabata atatu, bere lamanja latupa, lafiira, akumva kuzizidwa. Apongozi ake amuletsa kuyamwitsa bere limenelo, akuti mkaka waola. Anamwa maantibayotiki atachira chifukwa anachita opaleshoni. Kodi ndi zomwezi?

Namwino (Moatize): Achemwali, choyamba: asasiye kuyamwitsa bere limenelo. Mkaka sunaole ndipo mwana sangadwale nawo. Mkaka ukakhazikika m'bere ndi pamene kutupa kumakula mpaka kuchita chithupsa cha mafinya. Ayamwitse mwana akafuna, aonetsetse kuti mwana akulowetsa mkamwa mbali yakuda ija osati kansonga kokha, apume, amwe madzi, asalifinye mwamphamvu. Popeza akumva kale kuzizidwa ndipo ndi wa opaleshoni, apite kuchipatala lero lomwe, asadikire mawa. Akapatsidwa mankhwala amalize onse.

Za matumbozo, kwa anthunso nkhani ilipo. Mkaka wa mayi uli ndi tizilombo take tabwino, ndipo maantibayotiki a nthawi yobereka amasokoneza tizilomboti. Ku Spain mu 2010 anayesa amayi 352 odwala bere, ena anawapatsa tizilombo ta Lactobacillus totengedwa mumkaka wa amayi athanzi kuti amwe, ena maantibayotiki, ndipo a Lactobacillus aja anapeza bwino kwambiri. Koma ija inali mitundu yosankhidwa m'labotale. Munthu asati ndamwa yogati kapena thobwa ndiye kuchipatala sindipita. Ndipo maantibayotiki a opaleshoni aja anali ofunika, asadandaule kuti anamwa.

Mayi a Tadala (Furancungo): Zikomo anamwino, ndikumuimbira pompano. Apongoziwo ndilankhula nawo ndekha mwaulemu.

aNabanda (Dómuè): Mulungu amuchize mwanayo. A tekiniko, tsopano ndichite chiyani? Gaga ndisiyiretu?

Tekiniko wa ziweto: Musasiyiretu, ikukama, ikufuna mphamvu. Koma masese imikani lero. Gaga muchepetse ndi theka ndipo mumugawe katatu kapena kanayi patsiku, osapitirira makilogalamu 2 nthawi imodzi. Chachikulu kuposa zonse: isadye gaga m'mimba muli mopanda kanthu. Iyambe udzu, gaga abwere pambuyo. Pa zonse zimene imadya patsiku, zoposa theka zikhale za ulusi wautali, nsenjere, mapesi, masangwi a mtedza, zotsala za nyemba kapena soya, masamba a lukina pang'ono. Musazidule tinthu ting'onoting'ono, zikhale zotalika ngati chala kuti izibzikula. Ndalama imene mupulumutse pa gaga mugulire mapesi kwa anzanu a kudimba amene athyola mondokwa.

Mungathirenso soda wophikira m'gaga, magalamu 100 mpaka 150 patsiku, mogawa. Ndikunena soda wa therere, osati soda wopangira sopo, ameneyo amapha. Madzi akumwa asasowe m'khola.

Ndipo ndikupatseni ntchito ya maso. Ikagona n'kubweza chakudya mkamwa, werengani kuti ikutafuna kangati isanameze. Ng'ombe yodya bwino imatafuna ka 50 kapena 60. Ikamameza isanafike ka 40, udzu ukuchepa.

Koma ndinene poyera kuti anthu asandimve molakwika. Kukonza chakudya sikuchiza bere limene latupa kale. Limenelo likufuna kuonedwa ndi mankhwala oyenera, ambiri ake olowetsa pansonga, osati jakisoni wa oxitetraciclina wongobaya chilichonse. Likameni mpaka litheretu, katatu kapena kanayi patsiku, likhale lomaliza kukama, mkaka wake mukwirire. Mukayamba mankhwala, mkaka wonse musamwe kapena kugulitsa mpaka masiku olembedwa pabotolo atakwana. Mukatha kukama viikani nsonga zonse mu ayodini, kenako ipatseni udzu kuti iime mphindi 30, chifukwa kabowo kamakhala kasanatseke. Ndipo popeza labwerera katatu bere lomwelo, mwina ndi Staphylococcus aureus. Ameneyo amabisala m'kati mwa mnofu wa bere momwe mankhwala safika bwino, ndipo nthawi zina timangoliumitsa bere limodzilo kuti atatu enawo apulumuke. Pitani ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi ziweto, ku Ulónguè mukapemphe kuti adzayeze mawere onse anayi ndi CMT, kambale ka zipinda zinayi kaja. Mkaka ukathiridwa mankhwala n'kuchita ngati therere, ndiye kuti maselo a asilikali a m'thupi achuluka mumkakamo, ngakhale bere likuoneka labwino. Bere lathanzi silipitirira maselo 200,000 pa mililita imodzi.

Agogo aJere (Tsangano): Ndakhala chete ndikuganiza. Pali chinthu bambo anga malemu ankachita chimene ndinali nditaiwala. Ng'ombe ikaba chimanga n'kusiya kubzikula, ankadikira ng'ombe ina yamphamvu igone pansi pa mtengo masana. Ankayang'ana pakhosi, chakudya chikangokwera, ankaigwira mphuno, kulowetsa dzanja m'mbali mwa kamwa n'kutulutsa chobzikulacho chili chofunda, chobiriwira, chonunkha. Ankachisungunula m'chipanda cha madzi ofunda n'kumwetsa yodwalayo. Ine ndili mnyamata ndinkagwira chipandacho. Ankati akuibwereka moto, monga mmene umakapalira moto kwa mnzako wako ukazima. Kodi si tizilombo tanu tija?

Mwana wa sukulu (UniZambeze, Ulónguè): Amalume, ndi tomweto! Madokotala a ziweto amachita zimenezo mpaka lero, amatenga madzi a m'chifu cha ng'ombe yathanzi n'kupatsa yodwala. Thupi langa lachita tsembwe powerenga. Agogo anga ankachita ndi chipanda chimene anthu akuchita m'labotale.

Tekiniko wa ziweto: Zoona agogo, ndipo mawu akuti kubwereka moto ndiwatenga, ndizikaphunzitsira alimi. Chenjezo lokha: yobwereketsayo ikhale ya khola lomwelo kapena yodziwika bwino, yosatsokomola, yosaonda, chifukwa chifuwa chachikulu cha ng'ombe chingadutse njira yomweyo. Achimwetse msanga chisanazizire, pakuti tizilombo timeneti sitikhalitsa pamphepo. Ndipo pomwetsa musaikweze mutu kwambiri, madzi angalowe m'mapapo. Ya mayi Nabanda ikadabzikula, ndiye siikufunika zimenezi panopa, udzu ndi wokwanira.

Agogo aJere (Tsangano): Za chifu ndavomera. Koma matope ndi ntchentche sindisiya kunena, mvula ili pafupi.

Tekiniko wa ziweto: Musasiye agogo. Ndipo mvula ikagwa pali msampha wina. Ng'ombe imene yakhala miyezi ikudya zouma ikathamangira msipu wanthete, m'chifu mumasokonekeranso. Kusintha kulikonse kwa chakudya kutenge masabata awiri kapena atatu, ndipo m'mawa iziyamba yadya zouma pang'ono isanatuluke.

Bambo a Chisomo (Ulónguè): Mayi Nabanda, ine ndili ndi masangwi a mtedza padenga la khola, ochuluka kuposa ng'ombe zanga. Tumizani mnyamata ndi ngolo Loweruka, mudzandipatse manyowa mvula isanagwe.

aNabanda (Dómuè): Bambo a Chisomo, mwandivula chisoni. Abwera Loweruka m'mamawa.

*Patapita masiku 16*

aNabanda (Dómuè): Mwaswera bwanji nonse, ndabwera ndi lipoti. Anabwera kudzayeza. Bere lakumbuyo lija linachita therere lenileni, lakutsogolo kumanzere linachita pang'ono, awiri akumanja ali bwino. Tinaika mankhwala a pansonga, mkaka ndinataya masiku onse olembedwa, ngakhale zinandiwawa. Ndowe zayambanso kuunjikana, thovu latha, nkhuku zasiya kuitsata. Dzulo ndinakhala pampando pakhomo la khola kuwerenga, inatafuna ka 54, kenako ka 57. Mkaka watsika ndi malita awiri chichepetsereni gaga, koma mafuta abwerera pamwamba pa poto. Bere lakumbuyo lafewa, kungoti m'mwamba mwake mwatsala kabulu kolimba ngati nthudza, ndipo mkaka wake ndi wochepa.

Mayi a Tadala (Furancungo): Kwathunso mng'ono wanga anapita tsiku lomwelo, sichinafike pa chithupsa. Mwana akuyamwa mawere onse.

Tekiniko wa ziweto: Zikomo nonse awiri pobwerera kudzatiuza. Mayi Nabanda, kabuluko musakaiwale. Pitirizani kulikama pomaliza, timadontho toyamba muzikamira pa mbale yakuda kuti timibulu tizioneka, ndipo pakatha milungu itatu ayezenso. Likachitanso therere tidzakambirane zoliumitsa.

Agogo aJere (Tsangano): Mwana wanga Nabanda, mvula ikayamba ubwere kuno udzatenge mbewu ya nsenjere, ndili nayo m'mphepete mwa dimba. Ubwere ndi matumba awiri.